Masikara a Asewere Anga

Lachinayi, 7 Ogasiti

Atsala masiku awiri. Miyendo yatupa. Mitu isanu lero mu saluni, iwiri yoluka, wina wa mayi amene amafuna kuoneka ngati wa pa chithunzi pomwe tsitsi lake ndi lochita kuwerenga. Kumpopi kulibe madzi kuyambira Lachiwiri. Tikutunga mu mgolo wa kuseri.

Kadona wabwera masana kudzayesa nkhope. Mwana wanga mmodzi yekhayo, Loweruka akukwatiwa. Diresi wasoka yekha, mikanda ya pachifuwa waika umodziumodzi ndi singano, miyezi itatu. Ndinamutcha Kadona ali ndi zaka zinayi chifukwa ankakana madzi ozizira. Dzina lenileni timaliona pa mapepala pokha.

Kenako asewere anga, mayi ake a mkamwini. Kabokosi m'manja, akukagwira ngati dzira. Masikara. Akuti analowa m'sitolo yaikulu ija ya magalasi n'kupempha mtsikana wa pakauntala kuti awasankhire abwino kwambiri, osasungunuka ndi misozi. "Poti mkwatibwi salephera kulira, asewere. Eni ntchito ndinu, ine ndangoti ndiponyepo kanga." Munthu wosesa m'maofesi, nkhope yake imadziwa sopo ndi mafuta basi, lero akundisankhira ine masikara. Ine wa zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikukonza nkhope za anthu. Ndalandira ndi manja awiri, mano panja, mumtima ndikuseka.

Atapita ndayesa padzanja. Kunena zoona si oipa. Kaburashi konenepa pang'ono, koma ndi akuda bwino. N'zimene zandinyansa.

Masikara anga ndimawatcha Nkhalamba. Kabotolo kagolide kofufutika zilembo, chaka chachitatu chino. Mtundu wake anasiya kubweretsa, ndafunsa masitolo onse. Kaburashi kake kowonda, kamagwira nsidze imodziimodzi, sikasiya timibulu. Ikauma ndimadonthezamo madzi, madontho atatu, kugwedeza, basi yadzuka. Anandiphunzitsa ndi abwana anga akale. Makasitomala ndimawauza kuti masikara akatha miyezi itatu tayani, musabwerekane, musathiremo kanthu. Amenewo ndi iwo. Ine ndimadziwa chimene ndikuchita.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Dzulo cholembera sindikanachigwira. Ukwati watha. Mwana wanga anawala, anthu mpaka kukwera pa mipando kuti amuone.

M'mawa tinali awiri mu saluni, chitseko chotseka. Pathebulo timabotolo tiwiri, ka asewere ndi Nkhalamba. Ka asewere ndinakatsegula, n'kukasiya poonekera kuti akalowa aone kuti kagwira ntchito. Nkhalamba inali itauma gwa. Madzi a m'botolo atatha, ndinatunga a mu mgolo ndi kachivindikiro. Madontho atatu.

Diso lakumanja bwinobwino. Ndili pa lakumanzere galimoto inaliza hutala panja, Kadona n'kutembenuka, kaburashi n'kulowa m'diso. Pang'ono chabe. Anati "Mayo!", misozi chuchuchu. Ndinati phethira, zitha, usandionongere ntchito. Ndinapukuta ndi thonje, kupakanso. Zinathadi.

Ku holo asewere anazungulira matebulo onse. "Maso a mpongozi wangawo mwawaona? Ndagula ndine." Anzawo a kuntchito kuwaombera m'manja. Anabwera kudzandigwira dzanja, akuti zikomo pondilemekeza. Ndinati musadandaule asewere, munasankha bwino.

Nyumba yakula lero. Kuchipinda kwa Kadona kwatsala mahang'ala ndi fungo la mafuta ake. Bambo ake akanakhala moyo bwenzi tikusekana kuti wayamba kulira ndani. Ndalira ndekha, pang'ono, kenako ndachapa mataulo a ku saluni.

Lolemba, 11 Ogasiti

Foni ya Kadona cha m'ma 10. Akuti diso lakumanzere likuyabwa, muli ngati mchenga, lafiira. Ndati ndi tulo tosakwana ndi magetsi a ojambula aja. Asambe ndi madzi ofunda.

Mitu itatu. Madzi abwera kumpopi, ofiira poyamba. Mgolo ndautsuka, pansi pake panali poterera, pobiriwira. Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana. Kenako kasitomala anaitana.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Tapita ku famase, ine ndi Kadona. Diso lili psuu, manthongo m'mbali, kuwala sakufuna. Wavala magalasi akuda a mwamuna wake.

Wogulitsa mankhwala, bambo wa imvi, anaweramira pa kauntala n'kufunsa ngati china chake chinamulasa kapena kumukanda m'diso. Funso linali la Kadona. Ndinayankha ndine, msangamsanga. "Ayi, ndi fumbi ndi kulira kwa pa ukwati." Bamboyo anati ngati sichinakandidwe ndiye kuti ndi maso wamba, akuvuta anthu ambiri mwezi uno. Anapereka mankhwala opaka, katatu pa tsiku.

Kadona anandiyang'ana ndi diso labwinolo. Panja anagula nthochi, n'kundipatsa ziwiri.

Ndinanamiranji? Pamzere panali mayi wina amene mwana wake ndikumukonza Loweruka likubwerali. Ndinamuona ndisanatsegule pakamwa. Wokonza akwatibwi walasa mwana wake yemwe m'diso: nkhani imeneyo pofika madzulo bwenzi ili mumsewu monse. Chifukwa chake n'chimenecho, palibenso china. Ndalemba kuti ndichione ndi maso.

Zipola. Maso amapola msanga.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Chipatala.

Dzulo chikope chinatupa mpaka kutsekeka. Lero m'mawa mkamwini waimba, akuti amayi bwerani, akugubuduka ndi ululu. Ndatseka saluni, mayi wina mutu uli theka.

Pa benchi maola atatu. Adokotala a maso ndi mayi wamng'ono thupi, wosaseka. Anatsegula chikope ndi zala ziwiri, Kadona n'kukuwa. Ndinaona. Pakati pa diso, pakuda paja, pali kadontho koyera ngati njere ya mpunga. Adokotala anati ndi chilonda, tizilombo tikudya galasi la diso, ndipo tikuthamanga. "Munali kuti masiku onsewa?"

Anafunsa chimene chinapakidwa m'maso. Mkamwini ndiye analumpha. "Masikara, anagula amayi anga." Adokotala anati tibweretse. Ndinakwera basi kubwerera ku saluni. Pathebulo timabotolo tiwiri, monga Loweruka. Ndinaima. Ndinatenga ka asewere. Nkhalamba ndinaiponya pansi pa chikwama, pansi pa zipeso.

Adokotala anakatembenuza, kuwerenga zilembo, kununkhiza. "Katsopano chonchi? Zachilendo. Komabe zachinyengo zachuluka masiku ano." Mawu amenewo mkamwini anawatola. Ndinaona nkhope yake ikusintha.

Amugoneka. Bedi lachinayi kuchokera pakhomo. Mankhwala odontheza ola lililonse. Andiphunzitsa kudontheza, namwino akuti dzanja langa ndi lokhazikika, ndimagwira ntchito yanji? Ndati ya tsitsi.

Loweruka, 16 Ogasiti

Mkwatibwi wa mayi wa ku famase uja. Sindikanakana, tinapangana kalekale. Mtsikana wonenepa masaya, wosekaseka. Akuti anamva kwa mnzake za kabotolo kagolide kamene kamatalikitsa nsidze, akufuna komweko. Ndati kanatha. Ndatsegula atsopano pamaso pake, kaburashi kogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Kaburashi kandipulumuka m'manja, mpaka iye akuti, "Anti, mwadya koma?"

Nkhalamba yadutsa m'maso angati? Zaka zitatu, Loweruka lililonse. Palibe anabwerako kudzadandaula. Ndimadziuza zimenezo. Tsoka linadikira mwana wanga.

Masana kuchipatala. Asewere anali kale komweko, atakhala pansi pafupi ndi bedi, mpando ulipo. Abweretsa phala m'fulasiki. Sakudziwa kuti adokotala ananena chiyani za masikara, mwana wawo sanawauze. Akumupukuta Kadona thukuta pamphumi, akumutcha "mayi wanga." Ine ndaima kumiyendo kwa bedi ngati mlendo.

Kadontho kakula. Namwino akuti tidikire, mankhwala sagwira tsiku limodzi.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Zaphulika.

Adokotala anena m'mawa kuti chilonda chalowa mkati, akulimbana kuti diso lisabooke. Za kuona sakulonjeza. Mkamwini anatuluka m'kachipinda ka adokotala, n'kukumana ndi mayi ake m'khonde akubwera ndi fulasiki yawo. Mnyamata wofatsa uja, wokonza mafiriji, amene polankhula nane amayang'ana pansi. Anakuwa khonde lonse kumva.

"Munazitenga kuti zinthu zimenezi? Inu za m'maso mumadziwapo chiyani? Eni ntchito analipo, inu n'kumalowerera! Mwamuphera diso mkazi wanga!"

Asewere anangoti kukamwa yasa. Akuti ndinagula m'sitolo mwana wanga, risiti ndinataya, ndinapempha abwino kwambiri. Iye akuti pitani, musabwerenso kuno. Anthu pa mabenchi kutembenuka onse. Mayi wina akuti, "Apongozi ena nsanje." Asewere anaika fulasiki pansi pafupi ndi khoma, bwinobwino kuti isagwe, n'kutembenuka. Nsapato zawo za pulasitiki zikulira mpaka kumasitepe.

Ine ndinali pomwepo. Mapazi atatu kuchokera pa iwo, chikwama pa phewa. "Eni ntchito analipo." Ndinagwira mkamwini pamkono n'kunena kuti mtima pansi bambo, sanachite dala.

Sanachite dala. Ndinanena ine zimenezo.

Phala ndinamumwetsa Kadona. Linali lidakali lotentha.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Chakudya sichikulowa. Tiyi basi.

Masana ndikumudontheza mankhwala, mkamwini atapita kuntchito. Chikwama ndinachiika pa bedi, chotsegula. Kadona ali chagada, diso lina lili ndi thonje, linalo latseka. Analankhula motsitsa, osanditembenukira.

"Amayi, Nkhalamba ili m'chikwamamo. Ndikuimva fungo. Ndinakula nalo fungo limenelo."

Dontho linagwera patsaya. Ndinapukuta.

Akuti ankadziwa kuyambira Loweruka lija, ngakhale anayang'ana kudenga. Anamva ndikutsegula chitseko cha kuseri, anamva chivindikiro cha mgolo. Ku famase anakhala chete chifukwa anamuonanso mayi wa pamzere uja. Saluni ija ndiyo inamulipirira sukulu, ndiyo inagula makina ake osokera. Anati zipola, bwanji ndiwachititse manyazi amayi anga.

Ndiye kuti tinanama awiri. Iye chifukwa cha ine, ine chifukwa cha ine.

Kenako anati, "Ine diso ndapereka, amayi. Koma apongozi anga musawadye. Sanakulakwireni."

Ndinafuna kugwada pomwepo. Ndinafuna andikalipire, anditukwane, anthu a m'wodi amve. Iye anangoti ola la mankhwala likakwana mundidzutse. Mwana amene ndinamubereka ndine. Manyazi ngati amenewa sindinawamvepo chibadwire.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Dzulo ndinafika pakhomo pa adokotala kawiri, kawiri konse ndinabwerera. Lero ndalowa.

Ndinaika Nkhalamba pa desiki. Ndinanena zonse: zaka zitatu, madzi a mu mgolo, hutala, kaburashi, ku famase. Mawu anga ngati a munthu wina. Adokotala anatsegula kabotolo, kununkhiza, n'kukatseka msanga. Sanakweze mawu. Bola akanakweza.

Akuti tizilombo timene anapeza m'diso ndi ta m'madzi okhalitsa, ndiye tsopano zamveka. Mankhwala sasintha, ndi omwewo. Ndinafunsa funso limene ndinabwerera: ndikanapanda kunama ku famase, diso likanapulumuka? Anandiyang'ana kaye.

"Mukananena Lachiwiri lija kuti diso lakandika, bambo wa ku famase akanakutumizani kuno tsiku lomwelo. Diso likakandika, tsiku limodzi ndi lalikulu. Inu munataya awiri."

Ndiye si kaburashi kokha. Kaburashi ndi ngozi, hutala sindinalize ine. Koma masiku awiri aja ndi anga, ndinawatenga ndi pakamwa panga pa kauntala.

Anandibwezera kabotolo m'kathumba ka pulasitiki. Akuti za m'banja mwathu si zawo, sauza munthu, koma mayi anakalipiridwa m'khonde uja anamumva ali mkati. Anangonena choncho n'kuitana wotsatira.

Ndinatuluka ndi mtima wakuti ndipite kwa asewere lero lomwe. Basi ya kwawo inaima patsogolo panga, kondakitala akuitana. Ndinakwera ya kwathu.

Lachisanu, 29 Ogasiti

Amutulutsa. Diso latsala, silinabooke. Pakati pake pali mbuu, chipsera. Amaona kuwala ndi mdima basi. Akuti mwina m'tsogolo opaleshoni, mwina. Adokotala pa "mwina" wachiwiriyo anayang'ana pa fayilo.

Ndawaperekeza kunyumba kwawo. Zipinda ziwiri, mphatso za ukwati zidakali m'mapepala pakona. Kadona anafuna kutithirira tiyi, madzi anagwera pambali pa kapu, pa thebulo. Anaseka. Mkamwini analowa kubafa, anakhalitsa.

Iye amandilemekeza kuposa kale. Amayi khalani apa, amayi mwatopa, amayi mukanapanda inu. Mawu aliwonse ngati singano. Mayi ake sawatchula. Foni yawo ikalira amaitembenuza.

Kadona sanandifunsenso. Amandiyankha bwinobwino, amandipatsa moni, koma akafuna kundiyang'ana amatembenuza mutu wonse, ndipo sachedwa kuubweza.

Saluni ikuyenda. Akwatibwi atatu mwezi wamawa. Anthu akundipepesa, akuti mwana wanu anamulakwira apongozi ake ndi zodzola za pamsika. Nkhani yafika kale poti anagula pamsika. Ine ndimangoti zimachitika. Chikomekome cha mkuyu, ndine amene.

Lolemba, 1 Sepitembala

Kabotolo ndinakatenga kuti ndikataye m'dzala. Ndinafika, ndinabwerera nako. Ndikataya ndiye kuti basi, palibe adzadziwe, Kadona sanganene. N'chifukwa chake ndikufuna kukataya. N'chifukwa chakenso ndikulephera.

Mitu inayi. Mpopi wauma kachiwiri. Ndagula madzi a m'zigubu, mgolo sindiukhudza.

Lachinayi, 4 Sepitembala

Asewere abwera okha.

Cha m'ma 3, ndikumaliza kuumitsa tsitsi la kasitomala. Ndinawaona pa galasi ataima pakhomo, yunifolomu ya kuntchito, chikwama chakuda. Aonda, khosi latalika. Anadikira panja mpaka kasitomala atapita. Kenako analowa n'kugwada pa simenti, pa tsitsi lometedwa, munthu wamkulu kuposa ine.

"Asewere, ndabwera kudzapepesa. Munandipatsa mwana wa maso awiri. Ine umbuli wanga, kufuna kuoneka nawo. Mundikhululukire, ndipo mukandipepesere kwa mwana wanga, inu amakumverani."

Akuti anabwerera ku sitolo kuja katatu, mtsikana wa pakauntala mpaka analira, abwana ake kuwaonetsa mapepala a katundu. Akuti kuntchito amasesa ofesi imodzi kawiri osadziwa. Kutchalitchi anasiya kukhala kutsogolo.

Ndinati dzukani. Anakana. Ndiye ndinatsegula chikwama, kutulutsa kathumba kaja, n'kukhala pansi nanenso. Ndinati masikara anu sanafike m'diso la mwana, asewere. Ndinangowatsegula. Amene ndinapaka ndi awa.

Sanamve msanga. Ndinabwereza, ndi za mgolo, ndi za ku famase. Anatenga kathumba, kukayang'ana mbali zonse. Ndinadikira pama. Ndikanalilandira.

Anadzuka pang'onopang'ono, kugwira mpando, kusasa tsitsi pa maondo. Mawu awo anali ozizira, sindinawamvepo otero.

"Tsiku lija m'khonde munali pomwepo. Munati sindinachite dala."

Ndinati eya.

"Masabata awiri ndi masiku awiri mwana wanga osandiyankha foni. Ndinamulera ndekha ngati inu."

Anaika kathumba m'chikwama chawo n'kutseka zipi. Akuti iwo sakanena, si nkhani yawo. Lamlungu masana adzakhala kunyumba kwa ana, aitanidwe asaitanidwe. Ndikanene ndekha, pamaso pa mwana wawo, ndi pakamwa pomwe ndinanenera kuti sanachite dala. "Ichi ndisunga ine, poti inu zinthu mumadziwa kuzisintha."

Pakhomo anatembenuka. Ndinaganiza kuti pali china. Anangoti, "Ndiye anga aja anali abwino?" Ndinati anali abwino, asewere. Munasankha bwino. Ulendo uno zinali zoona.

Loweruka, 6 Sepitembala

Mkwatibwi wa lero ndamutumiza kwa mnzanga wa saluni ya kumtunda. Ndati ndikudwala.

Ndakhala mu saluni chitseko chotseka. Ndatsuka maburashi onse, ndataya chilichonse chotsegulidwa kale, thumba lathunthu. Ngati zithandiza kanthu.

Mawa mkamwini akadziwa, abale ake adziwa. Akadziwa abale ake, msewu wonse. Akwatibwi atatu aja aiwaleni. Mwina ndi mitu yomwe. Zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndaganiza zimenezi tsiku lonse, kenako ndazindikira kuti ndikuwerengabe za ine ndekha, monga pa kauntala paja. Mlandu suwola, amatero. Wangawu wanunkha kale m'chikwama cha eni ake.

Lamlungu, 7 Sepitembala

M'mawa ndinakhala pa galasi monga masiku onse. Paudala, pensulo, masikara atsopano atatu pa shelefu, onse osatsegula. Woyamba wotalikitsa, wachiwiri wokhuthalitsa, wachitatu wosasungunuka ndi misozi. Dzanja linapita pa wachitatu lokha. Ndinalibweza. Ndinasamba ndi sopo, kudzola mafuta, basi. Nkhope imene inatsala pa galasi ndi ya mayi anga.

Ndanena. Zonse, osadumpha ku famase. Asewere ali pa mpando wa pakhomo, kathumba pa thebulo pakati pa makapu. Mkamwini sanakuwe. Anayang'ana kabotolo, anayang'ana mkazi wake. "Iwe umadziwa?" Kadona anati eya. Anatuluka panja, tinamumva akuyenda uku ndi uku kuseri kwa zenera. Atabwerera sanandiyang'ane. Anapita kwa mayi ake, kugwada, mutu pa maondo awo, munthu wa ndevu akulira ngati khanda. Iwo akumusisita m'mutu, maso ali kukhoma. Kwa ine asewere sananene liwu, mpaka pochoka.

Kadona anatenga malaya a mwamuna wake, batani linathothoka, akuti manja asakhale chabe. Aka n'koyamba kugwira singano chitulukire m'chipatala. Ananyowetsa ulusi ndi milomo, kulunjika, ulusi n'kudutsa pambali. Kachiwiri. Kachitatu. Mwana amene anaika mikanda ija umodziumodzi.

Anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Amayi, tandilowetserani."

Dzanja langa linali litatambasuka kale. Singano anapatsa apongozi ake.

Ndinakhala kumanzere kwake, mbali ya diso lija. Mwina sanandione. Mwina.